Uthenga Wosasiya Phazi

 

Masiku ano ambiri a ife tili ndi lamya za m'manja, ndipo mwa zachilendo zimene lamyazi zabweretsa muli uthenga wodzifufuta wokha. Munthu umalemba mau ndi kuŵaikira nthaŵi. Mnzako amaŵerenga, ndipo nthaŵiyo ikakwana mauwo amazimirira pa lamya yako ndi pa lamya yake yomwe, monga zimazimiririra zilembo zimene mwana wa Sitandade 1 walemba padothi mvula ikagwa. Ena akuti chimenechi ndi chida chotetezera chinsinsi cha munthu. Ena akuti ndi phanga lobisalamo mbava ndi akatangale. Kuti tiŵeruze bwino tiyenera kufunsa mbiri yathu, chifukwa lamyazo nzatsopano koma uthenga wosasiya phazi ngwakale pakati pathu. Mbiriyo ikutiuza kuti mau akazimirira pamakhala wina wopulumuka ndi wina woluza. Tsono funso limene tiyende nalo ndi ili: mau akafufutika, apindule ndani?

Mau a pakamwa ndi mboni zake

Makolo athu adalibe pepala. Uthenga wa maliro, wa nkhondo kapena wa mlandu unkayenda pakamwa pa mthenga, ndipo akautula unkatsala m'makutu mwa woumva basi. Akuluakuluwo ankadziŵa kufooka kwa njira imeneyi, nchifukwa chake adatisiyira mwambi wakuti kandimverere adakanena za m'maluŵa. Pothana ndi vutoli iwo adagaŵa nkhani paŵiri. Padali nkhani zoyenera kuthera pomwe zanenedwera, monga za kusimba, za kumphasa, ndi malangizo amene namkungwi amapereka kwa namwali. Padalinso nkhani zoyenera kukhalitsa, monga ukwati, malire a munda, ngongole ndi chigamulo cha mlandu. Nkhani zoterezi sankazikambira m'tseri. Ukwati unkafuna ankhoswe mbali zonse ziŵiri, mlandu unkakambidwa pabwalo nduna zikumva, ndipo pamalire a munda ankabzalapo mtengo anthu akuona. Mboni zamoyo ndizo zidali kaundula wa mudzi.

Pepala lifika ku Thyolo

Dziko lino lidakhala pansi pa Angerezi mu 1891, ndipo kuyambira mu 1892 Harry Johnston adayamba kupereka zikalata zaumwini wa malo kwa Azungu amene ankati adagula nthaka kwa mafumu. Malo ambiri a m'mapiri a Shire adali atapita posinthana ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Mmodzi mwa amene adatenga malo aakulu adali Eugene Sharrer, ndipo mu 1902 malo akewo, kuphatikizapo chigaŵo chachikulu cha Thyolo, adakhala m'manja mwa kampani ya British Central Africa. Zimene mfumu idanena pa tsiku la malondawo, ndi zimene inkaganiza kuti ikuvomera, zidapita ndi mphepo. Chidatsala ndi pepala la Mzungu.

Zikalata zambiri zidali ndi ndime yonena kuti midzi ndi minda imene idalipo kale isasunthidwe popanda chilolezo cha boma. Ndimeyo idali yabwino, koma malire a midziyo ndi a mindayo sadalembedwe. Zaka zitapita, anthu atasamutsa minda monga mwa ulimi wamasiku amenewo, ndiponso Alomwe ambiri atafika kuchokera ku Mozambique pothaŵa nkhanza za Apwitikizi, kudali kovuta kuti munthu aonetse umboni wakuti iye adalipo Mzungu asanabwere. Mapeto ake mwini nthaka ndi mlendo onse adasanduka olipira lendi, ndipo lendiyo idali ntchito ya thangata.

Pamundapo moyo wa munthu unkayendera tikiti. Kapitao akachonga tsiku ndiye kuti wagwira ntchito, ndipo akapanda kuchonga ndiye kuti thukuta la tsiku limenelo lapita pachabe, chifukwa buku lidali m'manja mwa mbali imodzi. John Chilembwe ataukira boma mu Januwale 1915, bungwe lofufuza lidamva madandaulo a anthu a pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, m'boma loyandikana nafe la Chiradzulu, akuti ankagwiritsidwa thangata lopitirira muyeso ndipo sankalipidwa moyenera. Thangata lidatha mwalamulo mu 1962, koma kuchepa kwa malo ku Thyolo kudakalipo mpaka lero. Phunziro loyamba ndi limeneli: pamgwirizano wa wamphamvu ndi wochepa mphamvu, mau akapanda kusungidwa, woluza amakhala wochepa mphamvuyo.

Koma mau a pakamwa adalinso ndi mphamvu yake. Mu Ogasiti 1953, chaka chimene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidayamba, pa munda wa Mangunda pafupi ndi Luchenza padabuka mkangano pa nkhani ya kuba malalanje. Mphekesera idaŵanda yakuti eni mundawo agwira munthu ndi kumupha. Mphekeserayo sidali yoona, koma idagwera m'mitima imene idali itatupa kale ndi thangata, kusoŵa malo, ndi Chitaganya chimene anthu adali atachikana. Antchito adanyanyala, anthu adagwetsera mitengo m'miseu ndi kudula mawaya a lamya, ndipo chipoloŵe chidafalikira m'maboma ena a kumwera. Pomwe chimatha, anthu 11 adali ataphedwa ndipo 72 adali atavulala. Apolisi adalibe kalata yoti nkulanda, pakuti uthenga unkayenda pakamwa, ndipo izi zidateteza ambiri. Komanso chifukwa chomwecho padalibe njira yobwerera kumene bodza lija lidayambira kuti aliwongole magazi asanakhetsedwe.

Msonkhano wa kutchire

Patapita zaka zisanu ndi miyezi ingapo, pa 25 Januwale 1959, atsogoleri a Nyasaland African Congress adachita msonkhano wachinsinsi patchire pafupi ndi Blantyre. Dr Kamuzu Banda sadakhale nawo. Adasankha kukumana kutchire kuti boma la atsamunda lisamve, pakuti masiku amenewo pepala limodzi lopezeka m'thumba likadakwanira kum'mangitsa munthu. Komabe boma lidamva kudzera mwa akazitape, ena mwa iwo osakhalapo nkomwe pamsonkhanopo, ndipo zimene adakanena zidali zakuti Congress yakonza chiŵembu chopha Bwanamkubwa, Azungu, Amwenye ndi mafumu ogwirizana ndi boma.

Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pangozi. Anthu oposa 1,000 adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ambiri ku Kanjedza ku Limbe, pomwe Dr Banda, Masauko Chipembere ndi Dunduzu Chisiza adaŵapititsa ku Gwelo, kumene lero ndi Gweru ku Zimbabwe. Anthu pafupifupi 50 adaphedwa, ndipo imfa zambiri pa malo amodzi zidachitikira ku Nkhata Bay. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woŵeruza Patrick Devlin lidatulutsa lipoti lake mu Julayi chaka chomwecho. Lidapeza kuti pamsonkhanopo padalankhulidwadi za ziwawa, koma chiŵembu chokonzedwa bwino chopha anthu, monga boma linkanenera, padalibe. Apa tikuona kuti kukumana mosasiya phazi kudaŵathandiza atsogoleriwo kwa kanthaŵi, koma kudatsegulanso mpata wakuti wina aŵaikire mau m'kamwa.

Nawo atsamunda ankadziŵa kufufuta. Ulamuliro wawo ukutha m'maiko ambiri, adaotcha mulu wa mafailo amene akadaŵachititsa manyazi, ndipo ena adaŵatumiza mobisa ku Mangalande. Mu 2011 boma la Britain lidavomera kuti lidasunga mafailo zikwizikwi a maiko 37 pa malo otchedwa Hanslope Park, ndipo mwa iwo mudali a Nyasaland. Zidaululika chifukwa okalamba a ku Kenya amene adazunzidwa nthaŵi ya Mau Mau adakasuma ku khoti ku London. Mafailo amene adapulumuka moto ndiwo adathandiza kuti mlandu wawo umveke.

Zaka za kunong'ona

Ufulu utabwera mu 1964, ndipo dziko litakhala la chipani chimodzi mu 1966, mantha a pepala sadathe. Akuluakulu amene mukumvera mukukumbukira mmene kalata yochokera kunja inkafikira nthaŵi zina itatsegulidwa kale, ndi mmene munthu ankayang'anira uku ndi uku asanatchule dzina la Ngwazi. Wolandira kalata yokhala ndi mau a ndale ankaiŵerenga kamodzi ndi kuiponya pamoto. Mlakatuli Jack Mapanje adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, ndipo iye ndi anzake ankatulutsa uthenga pa timapepala ting'onoting'ono kudzera mwa alonda achifundo. Kapepala kotere kakagwidwa, wolemba, wonyamula ndi wolandira onse akadakhala m'madzi. Kwa anthu ameneŵa uthenga wofufutika udali moyo.

Tsono taonani mbali inayo. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo David Chiwanga, adaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma lidalengeza kuti adafa pa ngozi ya galimoto. Mu 1994 boma latsopano lidakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woŵeruza Harry Mtegha, ndipo apolisi ena adafotokoza mmene anthuwo adaphedwera. Dr Banda, John Tembo ndi ena adazengedwa mlandu, koma mu Disembala 1995 khoti lidaŵapeza osalakwa. Lamulo lolembedwa lakuti anthuwo aphedwe silidaoneke m'khoti, ndipo akuluakulu aŵiri amene akadafotokoza kumene lamulo lidachokera, mkulu wa apolisi Mac Kamwana ndi mlembi wamkulu wa boma John Ngwiri, adali atamwalira kale. Amati mlandu suola, koma mlandu wopanda umboni umasiya amasiye ali ndi funso lopanda yankho.

Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudaŵerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kusoŵa kwa chilungamo. Boma lidati kalatayo njoukira ndipo kupezeka nayo ndi mlandu, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka, kumene idasindikizidwa, idatenthedwa. Komatu kalatayo idali itaŵerengedwa kale pamaso pa anthu, ndipo sikukadathekanso kuifufuta. Masiku omwewo akuluakulu a chipani cholamula adakumana ku Lilongwe, ndipo ena mwa iwo adalankhula zakuti maepiskopiwo aphedwe. Iwo ankayesa kuti mauwo athera m'chipinda momwemo, koma adali akujambulidwa pa tepi, ndipo tepiyo idatuluka ndi kumveka kunja kwa dziko. M'miyezi yotsatira makalata opanda dzina la mlembi adayenda m'maofesi pa makina a fakisi ndi ochulukitsira mapepala, ndipo ambiri adamangidwa chifukwa cha makalatawo. Pa 14 Juni 1993 Amalaŵi adasankha ndale za zipani zambiri. M'chaka chimodzi chomwecho cha 1992 tikuona anthu wamba akutetezedwa ndi kubisa dzina, ndi olamula akugwidwa chifukwa mau awo adasungidwa.

Lamya yosaiŵala

Kampani ya TNM idakhazikitsidwa mu 1995, ndipo Celtel, imene lero ndi Airtel, idatsatira mu 1999. Lamya ya m'manja idasintha chinthu chimodzi chachikulu. Kale mau olankhulidwa mwaukali pabawo kapena pamoŵa ankathera pomwepo, koma mau olembedwa pa lamya amakhala chikhalire, ndi tsiku lake ndi ola lake. Mu Febuluwale 2016 akuluakulu atatu a chipani cha MCP, chimene panthaŵiyo chidali chotsutsa boma, adamangidwa chifukwa cha zimene zidalembedwa pa gulu la WhatsApp. Boma litasintha, mu Meyi 2022 namwino wina adamangidwa pomuganizira kuti adanyoza Pulezidenti pa WhatsApp pomwepo. Mu Epulo chaka chomwecho apolisi adagwira mtolankhani Gregory Gondwe ndi kulanda lamya ndi kompyuta yake pofuna kudziŵa amene adam'patsa chikalata china cha boma. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, adatero akale, ndipo lamya imasunga mlomo wa munthu kwa zaka.

Vuto lomweli lidaoneka m'maiko ena, ndipo opanga mapulogalamu a pa lamya adayamba kufuna mankhwala ake. Snapchat idayamba mu 2011 ndi zithunzi zozimirira zikangoonedwa. Telegram idabwera mu 2013 ili ndi njira yokambirana mwachinsinsi mauthenga ake nkumadzifufuta. Signal idaika njira yotere mu 2016. WhatsApp, imene ambiri kuno timagwiritsa ntchito, idaiyamba mu Novembala 2020 ndi malire a masiku 7, ndipo mu Disembala 2021 idawonjezera maola 24 ndi masiku 90. Munthu akatsegula njira imeneyi, uthenga uliwonse watsopano umakhala ndi nthaŵi yake, ndipo ikakwana umachoka wokha kwa wotumiza ndi kwa wolandira. Uthenga wamba wa SMS suli choncho ai. Umadzera ku kampani ya lamya ndipo umakhala pa lamyapo kufikira mwini wake ataufufuta.

Ubwino wake ngosavuta kuuona kwa ife amene timabwerekana lamya. M'midzi yambiri lamya imodzi imagwira ntchito pa banja lonse. Timaisiya pagolosale kuti itchajidwe, timaipereka kwa okonza pamsika wa Thekerani kapena wa Luchenza, imabedwa m'minibasi, ndipo ina timaigulitsa zonse zili momwemo. Munthu amene wauza mbale wake za matenda ake, mai amene akufunsa uphungu chifukwa cha nkhanza za m'banja, wantchito amene akutsina khutu mtolankhani kapena bungwe la apantchito za chinyengo cha pamalo pake, onseŵa ali ndi chifukwa chomveka chofunira kuti mau awo asagone pa lamya. Chimene chafufutika wakuba sangachiŵerenge, ndipo wolanda lamya sangachipeze mosavuta.

Kodi umafufutikadi?

Tisanyengedwe ndi dzinalo. Wolandira uthenga angathe kuujambula chithunzi nthaŵi isanakwane, kaya ndi lamya yomweyo kaya ndi ya mnzake. Angathe kuutumiza kwa wina, kuukopera, kapena kusunga padera chithunzi chimene wam'tumizira. Mu 2014 bungwe la boma la America loteteza ogula lidadzudzula Snapchat chifukwa chouza anthu kuti mauthenga awo amazimiririratu pomwe padali njira zoŵasungira. Kuno kwathu, mu Januwale 2022, mau amene Martha Chizuma, yemwe adali mkulu wa bungwe lothana ndi katangale, adalankhula pa lamya poyesa kuti akucheza mwamseri adajambulidwa ndi kufalitsidwa. Mu Disembala chaka chomwecho adamangidwa chifukwa cha mauwo, ngakhale kuti milanduyo idathetsedwa pambuyo pake. Mu Malichi 2025 akuluakulu a boma la America ankakambirana pa Signal za kuphulitsa mabomba ku Yemen, mauthenga ataŵatchera kuti adzifufute, osadziŵa kuti mwangozi adali ataloŵetsa m'gulumo mkonzi wa magazini ya The Atlantic, Jeffrey Goldberg. Iye adasunga zokambiranazo ndi kuzifalitsa. Tikumbukirenso kuti kuyambira 2018 nambala iliyonse ya lamya m'Malaŵi imalembetsedwa m'dzina la mwini wake. Makina angafufute zilembo, koma maso amene aŵerenga kale sangaŵafufute. Madzi akatayika saoleka.

Choopsa chachiŵiri ndi chija tidachiona pa tikiti ya thangata. Taganizani za mai wothyola tiyi amene wamkulu wake pantchito akum'tumizira mau omukakamiza chibwenzi, namuopseza kuti akakana dzina lake silidzaonekanso pa ganyu ya chaka chamaŵa. Nkhani zotere si zongopeka. Mu 2021 kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wa Eastern Produce Malawi, idagwirizana kulipira amai 36 a m'minda yake kuno amene adadandaula za nkhanza zogonana, ngakhale kuti sidavomere kulakwa. Dandaulo lotere limaima pa umboni. Ngati mau a wozunzayo amadzifufuta pakatha maola 24, maiyo afika ku polisi kapena ku ofesi ya zantchito ali chimanjamanja. Chimodzimodzinso wobwereka ndalama za katapila amene adauzidwa chiwongoladzanja china lero namva china maŵa, wogula malo pa lamya, mnyamata amene walipira wom'lonjeza ntchito ku Joni, ndi gulu la banki m'khonde limene msungichuma wake akuti ndalama sadalandire. Wina akakupemphani ndalama koma nkuumirira kuti zokambirana zanu zizifufutika, dzifunseni chimene akuopa.

Pa chuma cha boma choopsacho chimakula. Mu 2013 dziko lidadzidzimuka ndi kubedwa kwa ndalama ku Capital Hill, nkhani imene idatchedwa Cashgate. Akuba ankalipira makampani amene sadagwire ntchito iliyonse, kenaka nkufufuta malipirowo m'makina a kompyuta oyendetsera chuma cha boma, otchedwa IFMIS. Kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasoŵa pakati pa Epulo ndi Seputembala chaka chimenecho. Ena adagwidwa ndi kumangidwa chifukwa macheke adasiya phazi m'mabanki. Tsono ngati nduna, mlembi wamkulu kapena mkulu wa khonsolo azigamula za makontirakiti, za feteleza kapena za malo pa mauthenga odzifufuta, wofufuza wa maŵa adzayambira pati? Ku Zomba kuli nyumba yosungira zolemba zakale za dziko lino, ndipo olemba mbiri amadandaulabe mafailo amene adapsa moto utagwira likulu la boma kumeneko mu 1919. Moto umenewo udayaka tsiku limodzi. Uthenga wodzifufuta m'manja mwa wolamula ungathe kuononga zolemba za boma tsiku ndi tsiku popanda woona utsi.

Tisunge ziti, tifufute ziti?

Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, amene adalembedwa ndi anthu okumbukira zaka za kunong'ona zija, ali ndi ndime ziŵiri zoyenera kuŵerengedwa pamodzi. Ndime 21 imapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi chake, ndipo imatchula makalata ndi mauthenga a pa lamya. Ndime 37 imapatsa munthu ufulu wodziŵa zimene boma likusunga ngati zikukhudza ufulu wake. Lamulo lopatsa anthu mwai wopeza nkhani za boma lidasainidwa mu 2017 ndi kuyamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo mu 2024 padabwera lamulo loteteza mbiri ya munthu payekha imene ena akusunga. Tikaziika pamodzi, tanthauzo lake likufanana ndi kugaŵa kuja kwa makolo athu. Za munthu payekha nzake, ndipo ali ndi ufulu wozibisa. Za ofesi ya boma nza anthu onse, ndipo wogwira ntchitoyo alibe ufulu wozifufuta.

Choncho omvera, musanatsegule njira ya uthenga wodzifufuta, yambani mwafunsa funso lija. Ngati ndi nkhani ya m'banja, ya matenda, ya mtima wanu, kapena mukuulula choipa kwa munthu wokhulupirika, kufufutika kwa mauwo kukutetezani, bola mukumbukire kuti chinsinsi chanu chili m'manja mwa wolandirayo. Ngati ndi nkhani ya ndalama, ya malo, ya malipiro kapena ya ntchito, tsekani njirayo, sungani uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita, ndipo pamalo ndi pangongole yaikulu lemberanani pepala pamaso pa amfumu ndi mboni. Ngati wina akukuopsezani kapena kukunyengererani zoipa, jambulani mauwo nthaŵi yomweyo ndi kuonetsa munthu wamkulu amene mumam'dalira. Makolo, fotokozerani ana anu kuti chithunzi chimene akuti chioneka kamodzi kokha chingathe kusungidwa ndi wochilandira. Ndipo inu amene mudapatsidwa udindo ndi anthu, kuyambira kwa nyakwaŵa mpaka ku Capital Hill, zimene mukugamula m'dzina la anthu zilembedwe pamene anthuwo angadzazipeze.

Mafumu a ku Thyolo adataya nthaka chifukwa mau awo sadasungidwe, ndipo akaidi a ku Mikuyu adapulumuka chifukwa timapepala tawo sitidagwidwe. Lamya ili m'thumba mwanuyo ingathe kukuchitirani chilichonse mwa ziŵirizi, malinga ndi nkhani imene mwaiikamo ndi munthu amene mukulankhula naye.